Mpando wa Amjomba Pansi pa Nimu

Simenti ya pabwalo lathu la basiketibolo ku Balaka inkatentha moti ukaiponda wopanda nsapato masana unkavina usakufuna. Bwalolo linali kuseri kwa tchalitchi cha Akatolika, long'ambika ngati chidendene cha m'chilimwe, ndipo m'ming'alu yakeyo munkamera kaudzu kamene mbuzi za akatekisiti zinkabwera kudzabudula ife tili pakati pa masewera. Kumapeto onse awiri kunaima mzati wachitsulo wonyamula thabwa, ndipo pathabwapo panali mkombero woponyeramo mpira umene tinkangoutchula kuti ringi. Neti inaduka ine ndisanabwere, choncho mpira ukalowa sunkachita phokoso lililonse, tinkangomvera kukuwa kwa anthu. Kuseri kwa ringi ya kum'mawa, pafupi kwenikweni ndi mzere wa bwalo, kunali mtengo wa nimu, ndipo unali mthunzi wokhawo pamalo onsewo. Ogulitsa nzimbe, ana a sukulu ndi akabaza amene asowa okwera ankalimbirana pamenepo. Mpaka lero ndikamva fungo la labala wotenthedwa ndi dzuwa, ngakhale likhale la tayala la njinga, zala zanga zimatambasuka zokha ngati wina akundiponyera mpira.

Ine sindine wa ku Balaka. Kwathu ndi ku Chiuta, m'mphepete mwa nyanja ija imene tsidya lake ndi Mozambique, kumene mwana amaphunzira kutumbula mlamba asanaphunzire kulemba dzina lake. Bambo atamwalira, mayi anatsala ndi ine ndi azing'ono anga, ndipo abale atakhala pansi anagwirizana kuti ine ndipite kwa amayi aang'ono, mng'ono wawo wa mayi, amene ankagulitsa nsomba zouma mumsika wa ku Balaka, ndikamalize pulayimale kumeneko. Ndinafika ndi matenda amodzi opanda mankhwala, matenda a kutalika. Pomwe ndinkalowa sitandade eyiti n'kuti nditawapitirira aphunzitsi onse, ndipo anzanga ankanditchula kuti Mlongoti. Yunifolomu iliyonse inkandithera pamwamba pa maondo, amayi aang'ono n'kumalumikiza kansalu kena m'munsi akung'ung'udza kuti kulera ine n'chimodzimodzi kulera nsungwi. Ndinaphunzira kuyenda chowerama, khosi nditalowetsa m'mapewa, kuti mwina anthu asandione. M'mawa uliwonse ndinkayamba ndi mzere wa kumjigo, kenako kusenza dengu la matemba kukatula kumsika, ndiye n'kuthamangira kusukulu ndikununkha nsomba. Sopo wochotsa fungo la matemba a ku Chiuta ngati aliko, ine sindinamupeze.

Amene anaona kanthu kena mwa Mlongoti anali a Matiyasi, owotcherera zitsulo pafupi ndi siteshoni ya sitima. Ali mnyamata anasewerako basiketibolo ku Blantyre m'timu ina yolipira osewera ake, mpaka bondo linawakana, n'kubwerera kwawo akutsimphina. Maringi a pabwalo lathu anawotcherera ndi iwowo, ndipo madzulo aliwonse ankatseka shopu n'kudzaphunzitsa atsikana popanda wowatuma. Tonse tinkawatchula kuti a Kochi. Anandipeza tsiku lina ndikuchokera kumjigo, anandiyang'ana kuyambira kuzala za kumapazi mpaka kundowa imene ndinasenza, n'kundiperekeza mpaka kunyumba akumwetulira ngati munthu amene watola nkhwangwa ndi mpini womwe. Amayi aang'ono anavuta kaye, chifukwa mwana wa Chisilamu kumakathamangathamanga kuseri kwa tchalitchi sinali nkhani yokoma kuimva. Anadzalola atandiikira malamulo awo: mpango usachoke kumutu, kabudula aphimbe maondo, ndipo kumzikiti akamaitana swala ya kulowa kwa dzuwa ndizikhala nditafika pakhomo.

Sindidziwa ngati ndingathe kulongosola chimene bwalo lija linandichitira. Kwa nthawi yoyamba munthu wamkulu ankandikalipira chifukwa chowerama. A Kochi ankati ndiwongoke, nditambasule manja, nditenge malo, ndipo ine amene moyo wanga wonse ndinkapepesa chifukwa cha msinkhu ndinayamba kulakalaka utawonjezekera. Ntchito yanga inali yosavuta kuimvetsa. Ndinkaima pansi pa ringi, mpira ukaphonya n'kudumpha kuposa wina aliyense, kuukwatula m'mwamba, n'kutsika zigongono zili kunja, miyendo nditatangadza kuti pasapezeke wondisuntha. Mnzanga wa ponda apa nane mpondepo anali Felista, mwana wa akatekisiti eni mbuzi aja, wamfupi ngati mtondo koma pakamwa pa anthu khumi. Iye ndiye ankanjanjitsa mpira kuchokera kumbuyo, akulamula aliyense ngati timu ndi ya make, ndipo akandiona ndaima bwino ankangouponya m'mwamba osayang'ana n'komwe, podziwa kuti kumwambako kulibe wina koma ine.

Chaka chimenecho kunali ligi ya atsikana ya matimu a ku Balaka ndi ku Machinga. Tinayamba nthawi ya chiperoni, milomo itang'ambika ngakhale tidzole mafuta, alimi akukankha mabelo a thonje panjinga kupita kumisika. Loweruka tinkakwera kumbuyo kwa lole kupita ku Liwonde, ku Ntaja, ku Ulongwe, tikuimba nyimbo zonyoza anzathu, tikutafuna malambe mpaka mano kuyayamira, n'kubwerako nsidze zitayera ndi fumbi, mawu atasasa. Tinkapambana. Tinapambana mpaka zinayamba kutizolowera, moti Felista ankafunsa atsikana a timu inayo mpira usanayambe ngati abweretsa mipango yopukutira misozi. Akabaza a pasiteshoni, anthu amene pamaso pawo sipadutsa munthu osanenedwa, ankanditchulabe Mlongoti, koma tsopano ankatero akuimba mabelu a njinga zawo, ndipo ine ndinkadutsa mutu uli m'mwamba, dengu la matemba lili pompo. Chisanu chinatha, mphepo ya fumbi inadutsa, kutentha kwenikweni kwa ku Balaka kunafika, kuja koumitsa chovala usanamalize kuchiyanika, ife tisanaluzepo.

Ndiye zotsatira za mayeso a sitandade eyiti zinatuluka. Ndinakhoza, koma kusekondale sanandisankhe. Kwathu zikatero ndiye kuti sukulu yatha, ndipo uthenga sunachedwe kufika pafoni ya amayi aang'ono, wakuti mwana abwere, kuno manja akuchepa. Unachokera kwa amjomba, mlongo wawo wa mayi anga. Kwa ife a Chiyao ana ndi a kuchikazi, ndipo mwini mbumba ndi mjomba. Mayi akhoza kulira, bambo akanakhala moyo akanatha kudandaula, koma mawu otsiriza ndi a iwowo. Musaganize kuti anali munthu wankhanza, iyayi. Ndi iwo amene ankadyetsa mayi ndi azing'ono anga kuchokera tsiku la maliro a bambo, ndipo akamabwera ku Balaka ndi madengu a nsomba sankalephera kundisungira mlamba wonona, wowamba bwino, wanga ndekha. Kungoti anali munthu wokhulupirira zokhazo zimene wagwira ndi dzanja.

A Kochi anali ndi chiyembekezo chimodzi chimene ankatinong'oneza kuyambira pachiyambi. Ligi ikamatha, anzawo akale a ku Blantyre ankayenera kubwera kudzaona atsikana, ndipo amene awakomera m'maso ankawatenga, kuwalowetsa sekondale ndi kuwasunga m'timu yawo yolipira ija. Kwa ine khomo lina lolowera kusukulu kunalibe. Chimene chinkafunika n'kungokhalabe ku Balaka mpaka mvula yoyamba. Amayi aang'ono anafotokoza zonsezi pafoni atagwada, ngati kuti amjomba akuwaona, ndipo atamaliza anandiuza yankho lake. Amjomba anati zoti mpira ungalipire mwana wamkazi sanazimvepo, koma iwo sakana chinthu asanachione. Abwera Loweruka adzaone okha ngati n'zoona kuti mwanayo amatha.

Ine ndinasangalala, kupusa kwakeko. Tinkasewera ndi timu ya ku Liwonde imene tinali titaikwapula kale kwawo komwe, ndiye ndinkaona ngati nkhani yatha. Mlungu wonsewo ndinkasesa pakhomo ndikuimba, ndinachapa jezi yanga mpaka nambala inayamba kufufutika, ndipo ngakhale kumjigo ndinkadumphira nthambi za mitengo ndowa zili pamzere. Amayi aang'ono ankandiyang'ana chamchira wa diso n'kumati chakudza sichiimba ng'oma, ine n'kumaganiza kuti ndi kudandaula kwawo kwa masiku onse.

Pano ndiyenera kunena chinthu chimene a Kochi, ndi nzeru zawo zonse za mpira, sanachiganizire. Ndisanabwere ku Balaka ndinavinidwa ku nsondo, chinamwali cha atsikana a kwathu. Zambiri za kumeneko sizinenedwa pagulu ndipo sindizinena, koma mwambo wa ulemu aliyense amaudziwa. Wamkulu akakhala pansi, iwe usaime pamutu pake. Podutsa pamaso pake uwerame, manja ali pamaondo. Usamuyang'ane m'maso, usakweze mawu, ndipo miyendo yako ikhale pamodzi ngati yomangidwa, makamaka pamaso pa mjomba, amene ndiye kholo lako lachimuna lenileni. Zimenezi anamkungwi sakuphunzitsa ngati masamu oti ukhoza kuiwala ukatuluka m'kalasi. Amakuimbira, amakubwereza, amakutsina, mpaka zimachoka m'mutu n'kukakhala m'maondo. Ku Balaka ndinkadumpha pamaso pa amuna ambirimbiri osamva kanthu, chifukwa anali anthu achilendo, khamu chabe. Sindinaganizepo kuti zidzakhala bwanji pamaso pa munthu amene chibadwire ndinali ndisanamulankhulepo ndili chiimire.

Amjomba anafika pasitima dzulo lake, ndipo Loweruka masana anavala mkanjo woyera wosita bwino ndi kofiya kumutu, ngati akupita ku Idi. A Kochi nawo anafuna kuti mlendo aone kuti ndife anthu. Anakabwereka mpando wa khushoni mu ofesi ya abambo mfumu, wansembe wa patchalitchipo, anathamangitsa ogulitsa nzimbe pansi pa nimu, n'kuuika pamenepo, pamthunzi, kuseri kwa ringi ya kum'mawa, pafupi moti munthu atatambasula mwendo akanagunda mzati. Anagulanso botolo la zoziziritsa kukhosi n'kuliika pambali. Palibe amene analakwa pamenepo. Mlendo wolemekezeka ungamukhazike padzuwa la ku Balaka? Amayi aang'ono anayala chitenje pansi chapambali pa mpandowo n'kukhala, ndipo ine nditatulukira ndi anzanga titavala majezi, ndinaona nkhope ya amayiwo ikugwa. Iwo anazindikira msanga kuposa ine.

Chigawo choyamba ringi ya kum'mawa inali yathu yoteteza. Mpira woyamba utagunda chitsulo n'kubwerera m'mwamba, mpira wanga weniweni, umene ndikanautenga ngakhale ndili m'tulo, ndinapinda maondo kuti ndidumphe, ndipo m'munsi mwa diso ndinaona mkanjo woyera. Maondo anapindika koma sanawongoke. Ndinangopezeka ndawerama, manja ali pantchafu, mtsikana wa ku Liwonde wondilekeza m'khwapa n'kutenga mpirawo pamutu panga n'kugoletsa. Ndinadziuza kuti ndi mantha a poyamba. Unabwera wachiwiri, chimodzimodzi. Mutu unkati dumpha, sukulu yako ili pamenepa, koma thupi linkati iwe mwana wopanda mwambo, ukufuna kuuluka pamutu pa amjomba ako miyendo ili padera? A ku Liwonde sanachedwe kununkhiza. Anayamba kubweretsa mpira uliwonse pansi pa ringi imeneyo, akundikankha ngati chitseko chosakhoma, ine n'kumawapatsa njira ndi ulemu wonse.

Chopweteka n'chakuti kuringi ya kumadzulo ndinali ine yemwe uja. Tikangowoloka mzere wapakati thupi linkamasuka, Felista n'kuponya m'mwamba, ine n'kukwatula n'kulowetsa, anthu n'kukuwa dzina langa. Koma kumeneko kunali kutali ndi mpando, dzuwa linali litapendeka likuthobwa m'maso aliyense woyang'ana kumadzulo, ndipo maso a amjomba anali atafooka kale ndi utsi wowambira nsomba. Zabwino zanga zonse zinachitikira m'kuwala kumene iwo sankatha kupenya. Zimene ankaona bwinobwino, pafupi ngati m'mbale yawo, zinali mtsikana wamtali kuposa onse akulandidwa mpira ndi tiana.

Pa nthawi yopuma Felista anandikoka jezi, maso ali psuu.

"Iwe Mlongoti, akulodza kapena? Miyendo waiwala kunyumba?"

Ndinangolozera ndi mlomo kunimu. A Kochi anatembenuka, anayang'ana mpando, anayang'ana ringi, kenako ine, ndipo ndinaona kuti zalowa.

"A Kochi, kawauzeni asunthe," anatero Felista. "Si mpando wa kwathu womwe uja?"

"Ndikawauze kuti chiyani, mwana iwe?" anayankha a Kochi motsitsa mawu. "Kuti bambo dzukani mukakhale padzuwa, mwana wanu akukuopani?"

Anapitadi kunimuko akutsimphina, ife tonse tikuwayang'ana kumsana. Atafika anawerama, anafunsa ngati mlendo akufuna madzi, n'kubwerera. Munthu amene wamukhazika wekha pampando sumudzutsa. Amayi aang'ono nawo sakanatha kuuza achimwene awo pagulu kuti asunthe, ndipo ankangothothola udzu ndi zala.

Chigawo chachiwiri tinasinthana mbali, ringi ya kum'mawa n'kukhala yathu yogoletsa, kutanthauza kuti tsopano kuteteza ndinkatha koma kugoletsa ayi. Felista ankaponyabe m'mwamba mwachizolowezi, mpira n'kumadutsa pamutu panga. Kamodzi wa ku Liwonde anaugunda, unagubuduzika kutuluka kunja mpaka kukaima pamapazi pa amjomba. Iwo anautola, anautembenuza ngati akuyesa dzungu, n'kunditambasulira. Ndinapita, ndinagwada pafumbi maondo onse awiri, n'kulandira ndi manja awiri nditayang'ana pansi. Anthu anaseka chikhakhali bwalo lonse, akabaza mpaka kugwirana mapewa. Woyimbira mpira analiza wezulo kuti ndikuchedwetsa masewera, nayenso akupukuta misozi ya kuseka. Amjomba okha ndi amene sanaseke. Anagwedeza mutu pang'ono, monga ankachitira mwana akachita bwino. Tinaluza ndi mapointi ochepa, oti mipira ingapo ya pansi pa nimu ikanakwanira kuwabweza.

A Kochi anatisonkhanitsa pakati pa bwalo anthu akubalalika, ndipo sanakalipe. Anati tipukute misozi, kuluza kamodzi si maliro. Anati ku Blantyre kumene iwo ankalipidwa, ngakhale kunja kumene osewera amayenda pandege, kulibe timu imene imamaliza chaka osagwako. Akatswiri enieni amaluza Loweruka, Lolemba ali pabwalo, ndipo chikho chimapita kwa amene wapambana kambiri, osati amene sanagwepo. Anati tidakali pamwamba pa ligi, a ku Liwonde sangatipeze. Zonse zimene ananenazo zinali zoona, ndipo posakhalitsa anzanga anayamba kuseka, Felista akuwasonyeza mmene ndinagwadira. Ine ndinkangoyang'ana mpando uja akuubweza ku ofesi, miyendo yake ili m'mwamba.

Za mpirawo amjomba anazisungira tsiku lotsatira. Ndinawathirira madzi osamba m'manja, anadya mpunga wawo, anayamika ndiwo. M'mawa mwake atamwa tiyi pakhonde anandiitana, ine n'kugwada chapatali, amayi aang'ono atakhala pamkeka. A Kochi nawo anali atafika, atavala malaya a kutchalitchi, Misa ataisiya. Kuti mumvetse zimene zinachitika muyenera kudziwa mmene amjomba ankagulira nsomba. Msodzi akabweretsa dengu, iwo sankakhuthula pansi kuti aone zonse. Ankalowetsa dzanja pakati, kusolola imodzi, kuithyola, kuinunkhiza, basi. Ikakhala yabwino dengu lonse ndi labwino, ikakhala yofumbwa dengu lonse libwerere, ndipo msodzi akayamba kulumbira kuti zinazo ndi zabwino iwo ankangomwetulira, chifukwa msodzi aliyense amatero. Moyo wawo wonse njira imeneyo inali isanawagwetse.

A Kochi anayesetsa. Anafotokoza za masewera onse amene tinapambana, anati afunse aliyense pasiteshoni, anapempha kuti adzabwerenso Loweruka lina. Chimene sakanatha kunena chinali chifukwa chenichenicho. Kunena kuti mwana walephera chifukwa cha inu kunali kutukwana mlendo, ndipo kunena kuti masiku ena amadumpha miyendo ili padera pamaso pa amuna kunali kundimangira katundu ndi manja awo omwe. Ndinazindikira pomwepo, ndili chigwadire, kuti mpira uja ndinali nditaluza ndisanaugwire. Ndikanadumpha, amjomba akananena kuti tauni yandiwononga. Popeza sindinadumphe, ananena izi:

"A Kochi, mwayesetsa, Mulungu akudalitseni. Mwanayu ndamuona ndekha. Ulemu ali nawo, pamenepo ndikuthokoza achemwali angawa, amulera bwino. Koma mpirawu sautha, iyayi. Tiana tija timamulanda iye ali chiimire. Ku Blantyreko akamulipira chiyani? Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kumudzi make ali yekha."

Ndinkafuna kukuwa kuti ndimatha. Ndinkafuna kunena kuti tiyeni pompano kubwalo, inu mukaime patali dzuwa lili kumbuyo kwanu, mukaone. Mawuwo anafika pakhosi n'kubwerera, pa chifukwa chomwe chija chimene chinabweza maondo. Chimene chinatuluka n'chakuti, "Chabwino, amjomba."

Tinakwera sitima ya ku Nayuchi patangopita masiku ochepa, madengu opanda kanthu ali pamiyendo. Felista anabwera kusiteshoni atakwiya ngati ndamubera, sanandipatse moni, anangondiponyera jezi yanga pawindo n'kutembenuka, ndipo ndinamuona akupukuta mphuno ndi mkono akuyenda. Sitima inadutsa milambe ya ku Balaka, inawoloka Shire, mapiri a ku Machinga n'kumasendera pafupi. Sindinalire, poti kulira pamaso pa amjomba kukanakhala ngati kuwatsutsa. Iwo anandigulira nthochi ndi chinangwa chophika panjira, akundilankhula mokoma, akundiuza za azing'ono anga mmene akulira. M'maganizo mwawo anali atandipulumutsa ku chinthu chimene chikanandichititsa manyazi kutsogolo.

Kunyanja kunali kotentha, madzi ataphwera, matemba ali mbwee pamathandala oyanikira, ntchentche ndi utsi wa nkhuni zaziwisi zili ponseponse. Msinkhu wanga unapezanso ntchito, chifukwa ndinkatha kutembenuza nsomba za pakati pa thandala popanda kuzungulira, ndipo azimayi ankayamika kuti manja amenewa Mulungu anawalengera zimenezi. Mayi anasangalala kundiona, zimenezo sindingakane, ndipo msana wawo unapumako. Za ligi ndinkazimva mwa apo ndi apo, amayi aang'ono akaimba foni. Timu inapambana masewera onse otsala popanda ine, zimene zinandisangalatsa ndi kundipweteka nthawi imodzi, ndipo sindibisa, kupweteka kunkaposa. Mvula yoyamba itagwa anatenga chikho. Anthu a ku Blantyre anabweradi, anatenga Felista ndi mtsikana wina wa ku Ntaja, ndipo akuti anafunsa kuti wamtali tinamumva uja ali kuti. Kwa timu, Loweruka lija silinasinthe kanthu. Lero ndikakumana ndi anzanga aja amakumbukira kugwada kwanga, koma zoti tinaluza ambiri anaiwala.

Tsopano ndine mayi wa ana, ndimagula ndi kugulitsa nsomba, ndipo nanenso ndimasolola imodzi pakati pa dengu, poti nthawi yokhuthula zonse palibe. Anyamata anga amakaonera basiketibolo ya kunja m'nyumba za kanema pamsika, n'kubwera akukangana ngati kuluza kwa timu yawo kuli ndi kanthu. Wamkulu amati kulibe kanthu, masewera atsala ambiri, ndipo ndimamusiya chifukwa akunena zoona. Timu ili ndi masiku ambiri. Koma m'timumo muli anthu, ndipo pamapezeka wina amene wapatsidwa Loweruka limodzi lokha, ndi munthu mmodzi yekha woti amuone. Zaka zonsezi ndakhala ndikufunafuna woti ndimukwiyire, ndipo sindimupeza. A Kochi analemekeza mlendo, amayi aang'ono anaopa achimwene awo, anamkungwi anandiphunzitsa zimene iwonso anaphunzitsidwa, amjomba anakhulupirira maso awo. Aliyense anachita zoyenera. Mkwiyo wopanda mwini umatopetsa, chifukwa palibe khomo limene ungakautule.

Amjomba adakali moyo, maso anatheratu, ndipo ndine amene ndimawapatsira phala m'mawa. Alendo akabwera amakonda kundinyadira. Amati mwana wa mlongo wanga uyu anakhalako kutauni, koma ndinamuona ndi maso anga nthawi imene ndinali nawo, pakati pa chikhamu cha anthu, mpira uli mkati, akundigwadira pafumbi. Amati mwa ana a masiku ano mulibe wotere. Ndipo ine, mayi wamkulu, ndi msinkhu wanga wonsewu, ndimagwada pambali pa mkeka wawo n'kunena kuti zikomo, amjomba.